Kabokosi Kamene Kanakana Mayi Anga

Pali manyazi ena amene amachoka ukangosamba, ndiye pali ena amene amakutsata mpaka m'tchalitchi n'kukhala nawe pabenchi. Anga ndi a mtundu wachiwiriwu. Anandipeza masana dzuwa likuswa mtengo, nditavala nsapato zazitali, ndikutsimphina kumbuyo kwa akuluakulu amene ankasakasaka chigawenga, pamene chigawengacho chinali chitawanyamulira laputopu.

Ine ndimagwira ntchito ya makompyuta ku Limbe, koma ndimakhala ku Bangwe ndi bambo anga. Anthu onse amangowatchula kuti a Telala chifukwa anasoka zovala pakhonde la sitolo mpaka maso atatopa. Mayi anga, a Eneless, anatisiya zaka zingapo zapitazo. Ndi iwo ankayambitsa nyimbo mu kwaya ya amayi ya mpingo wathu, ndipo ndi iwonso anandikakamiza kuti ndiupangire mpingo webusaiti. ("Anthu aja anakupempherera ukulemba mayeso," ankatero, "iwe ungalephere kuwathokoza ndi kompyuta?")

Ndinaipanga m'njira yoti aliyense amene ndam'patsa pasiwedi azitha kuikapo nkhani yekha, ngati mmene amalembera uthenga pafoni, popanda kundivutitsa ine. Mlembi wa mpingo ankaikapo zilengezo, achinyamata ankaikapo zithunzi, ndipo Mayi Khoviwa, wapampando wa gulu la amayi, ankaikapo za amayi (nthawi zina ndi za zitumbuwa zimene amagulitsa, koma imeneyo ndi nkhani ina). Zaka zikupita, katundu anaunjikana: maukwati, maubatizo, maliro, maulaliki, nyimbo zojambulidwa. Pamwamba pa tsamba panali kabokosi kofufuzira, kamene umalembamo dzina kuti kakupezere nkhani yake. Kabokosi kameneka kanakalamba msanga. Ukalemba dzina, kagudumu kankayamba kuzungulira, kuzungulira, iwe uku ukuona bandulo ikutha. Achinyamata ankati ukhoza kulemba dzina, kupita kukagula mandasi, n'kubwerako kagudumu kasanatope.

Zimenezi zinkandiwawa, chifukwa pansi pa webusaitiyo pali dzina langa (ndinalemba ndekha, ndi zilembo zazikulu). Choncho mnzanga wa kuntchito atandiuza za pulogalamu ina yofufuzira, yaulere, imene anthu a m'maiko osiyanasiyana amaikonza poyera ndipo aliyense akhoza kuitenga, ndinati basi, mankhwala ndi amenewa. Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. M'malo mosanthula nyumba yonse nthawi iliyonse munthu akafunsa, iyo imawerengeratu masamba onse n'kuwasunga pamtima. Ukangoyamba kulemba, yankho limatulukira usanamalize n'komwe.

Vuto linali seva, kompyuta yakutali imene imasunga webusaiti. Ya mpingo wathu ndi yaing'ono, mphamvu zake ngati za njinga yakabaza yotopa. Nditaiuza pulogalamu ija kuti iwerenge masamba onse, seva inakomoka. Ndinaidzutsa, inakomokanso. Apa m'pamene nzeru zanga zinandiponya m'dzenje. Ndinadzifunsa kuti, kodi ndani amafufuza zakale? Anthu amafuna kudziwa kuti kwaya ikumana liti, ndi kuti ukwati wa Loweruka ndi wa yani. Ndinaiuza kuti iwerenge nkhani zaposachedwa zokha. Zakale zonse zinatsala momwemo pa webusaiti, koma kabokosi sikankazidziwa. Ndinadzilonjeza kuti ndidzaziwonjezera ndikadzapeza mpata (inunso mukudziwa kumene mpata umenewu umakhala).

Kenako, poti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndinaona kuti uthenga wa Chingerezi umene umatuluka chinthu chikapanda kupezeka ndi wouma. Ndinauika m'Chichewa n'kuuthira tsabola pang'ono kuti achinyamata aseke. Ndinalemba kuti: "Pepani, ameneyo kuno sitikumudziwa." Ndinaseka ndekha mu ofesi mpaka bwana anasuzumira.

Lamulungu lake abusa anandiimiritsa kutsogolo, anthu anaomba m'manja. Ulaliki uli m'kati, ndinkaona achinyamata atawerama, aliyense akufufuza dzina lake n'kumagundana zigongono. Bambo anakhala mzere wawo wa nthawi zonse, chifuwa chili patsogolo. Ndinagona usiku umenewo ndikudziona ngati munthu.

M'kati mwa sabata imeneyo bambo anasintha. Chizolowezi chawo chinali chakuti m'mawa uliwonse amakhala pakhonde ndi kapu ya tiyi, magalasi ali pamphuno, foni ili m'manja. Ine ndinkangoti amawerenga za mpira. Tsopano ndinkawapeza atangokhala, foni ataivundikira pampando, akuyang'ana phiri. Ndikawafunsa ngati akudwala ankati ayi. Bambo anga ndi munthu woti akhoza kuthyoka mwendo n'kukuuzani kuti nsapato yawathina, ndipo chimwalirireni mayi sanatchulepo dzina lawo ine ndikumva. Lamulungu lotsatira sanapite kutchalitchi. Apo ndinachita mantha ndithu, chifukwa ngakhale malungo sanawajombetsepo.

Loweruka m'mawa ndinali nditatchena, ndikupita ku bulaido shawa ya mnzanga ku Kanjedza (nsapato zazitali zija zalowera apa). Potuluka ndinapeza bambo atavala suti imene anadzisokera okha, chipewa chili kumutu.

"Tenga kompyuta yako, tipite."

"Kuti, Ababa?"

"Kwa Mayi Khoviwa."

"Koma ine ndimapita ku..."

Anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinalowa kukatenga laputopu.

Tikutsetsereka m'tinjira tapakati pa nyumba, uku tikudumpha ngalande, bambo anayamba.

"Amayi ako awachotsa mumpingo."

"Ababa, amayi anamwalira."

"Ndikudziwa, ndinalipo. Ndikunena pa intaneti ya mpingo."

Anaima, anatulutsa foni, n'kulemba ndi chala chimodzi, chala chija chokhakhala ndi singano: Eneless. Anandionetsa. Mawu anga omwe anandiyang'ana kumaso: pepani, ameneyo kuno sitikumudziwa.

"M'mawa uliwonse ndimalemba dzina limeneli," anatero, maso ali kumbali. "Pamatuluka chithunzi chija atavala yunifomu, ndi nyimbo ija anayambitsa pa msonkhano wa makwaya. Ndimaimvera, kenako tsiku limayamba. Lero mpingo umene anauimbira moyo wake wonse ukuti sukumudziwa."

Nyumba imodzi, zaka zonsezi, ine osadziwa kuti bambo anga amacheza ndi mayi m'mawa uliwonse kudzera m'kabokosi kanga. Ndinamva chisoni chimene sindinachimvenso chichokereni kumanda. Pansi pa chisonicho panali mantha, chifukwa nkhani zonse za mayi zinali m'gulu la zakale zija.

"Ababa, mwina..."

"Palibe mwina. Iwe unagwira ntchito yabwino, abusa ananena okha. Unalakwitsa chimodzi basi: unapereka kiyi kwa Mayi Khoviwa."

Apa ndikufotokozereni pang'ono. Mayi anga ndi Mayi Khoviwa anakangana kuyambira ine ndisanabadwe. Mayi Khoviwa ankati mayi anga amayambitsa nyimbo pamwamba ngati akufuna kuthyola mapapaya. Mayi anga ankati Mayi Khoviwa amakoka nyimbo ngati galimoto yonyamula maliro. Mpingo wonse unkadziwa, ndipo ena ankabwera kumaphunziro a kwaya kudzangomvera zimenezo.

"Adikira kuti munthu agone kuti abwezere," anapitiriza bambo. "Iwe ukawaonetse umboni mu kompyutamo. Akapanda kumubwezera pamalo pake, ine ndituluka mumpingo umenewu. Maliro anga adzaimbe ena."

Ndikudziwa zimene mukuganiza. Pamenepo m'pamene munthu wolongosoka akanati, Ababa, ndine. Koma bambo anga sayamikira wamba, ndipo anali atangondiyamikira kumene. Ndinadziuza kuti ndinena tikadumpha ngalande yotsatira. Ngalande ku Bangwe n'zambiri, koma zinatha ndisananene.

Tinawapeza Mayi Khoviwa akukazinga zitumbuwa kuseri kwa nyumba. Bambo anaodira, Mayi Khoviwa anatipatsa mipando, ndipo malonje anayenda monga mwa nthawi zonse: mawondo, adzukulu, madzi amene asiya kutuluka pampopi. Munthu amene anabwera kudzazenga mlandu anayamba wadya chitumbuwa chotentha n'kuchiyamikira. Atapukuta manja ndi mpango, anakhosomola.

"Mayi, ndabwera ndi funso. Kodi malemu akazi anga anakulakwirani chiyani chimene dothi linalephera kukwirira?"

"Aaa, a Telala, mowa mwayamba liti?"

Bambo anawapatsira foni. Mayi Khoviwa anapukuta manja pachitenje, analemba dzina lija, anawerenga milomo ikuyenda. Ine ndinkayembekeza mkuntho. M'malo mwake anatsika pampando n'kukhala pansi padothi.

"Eneless? Sakumudziwa Eneless? Ine ndakangana naye moyo wanga wonse, ndiye wina angobwera dzulodzuloli n'kumati samudziwa?" Misozi inayamba kutsika. "Amayambitsa nyimbo pamwamba, eya, ndipo ndikam'peza kumwambako ndikamuuzanso. Koma chichokereni iyeyo, kwaya ija ndi ndiwo zopanda mchere. Ndikakangana ndi ndani ine? Atsikana amasiku anowa ukawadzudzula amangoti sore mami."

Bambo anavula chipewa. Anthu awiri amene sankapatsana moni wokwanira anayang'anana ngati apachibale okumana pamaliro.

"Ngati si inu, ndi ndani?" anafunsa bambo.

"Ameneyu ndi wa m'komiti. Tiyeni kwa a Kamwendo, pompano." Anaphula chiwaya, anamanga chitenje china, n'kutembenukira kwa ine. "Iwe mwana wa Eneless, usalire. Timugwira ameneyu, ndipo ationa." Anandipatsa chitumbuwa cha panjira. Ndinachilandira ndi manja awiri (Mulungu andikhululukire, chinali chokoma).

A Kamwendo ndi mkulu wa mpingo, mphunzitsi wopuma, ndipo amakhala chakumtunda, kumene msewu umasanduka miyala. Nsapato zanga zinkalira pa mwala uliwonse. Panjira amayi ena pa mpopi anafunsa kuti kwagwanji, Mayi Khoviwa n'kungoponya mawu osaima: "Achotsa Eneless!" Ndinaona nkhaniyo ikunyamuka pamenepo ndi zidebe, kulowera mbali zonse.

Tinawapeza a Kamwendo akudyetsa nkhuku. Anamvetsera modekha, anasamba m'manja, anatenga foni yawo. Monga mphunzitsi, anafuna kuyesa okha. Analemba dzina la mbusa woyamba, amene anayala mwala wa maziko a tchalitchi. Sitikumudziwa. Analemba dzina la malemu mchimwene wawo, amene ankaliza belu. Sitikumudziwa. Analemba dzina la mdzukulu wawo wobatizidwa chaka chomwechi, ndipo anatulukira nthawi yomweyo, akumwetulira wopanda mano. A Kamwendo anaika foni pansi pang'onopang'ono.

"A Telala, Mayi Khoviwa, awa si a mumpingo muno. Awa ndi mahaka, akuba a pa intaneti aja. Taonani mmene akuyendera: ayambira akufa. Akamaliza akufa, abwera kwa amoyo."

"Yesu wanga," anatero Mayi Khoviwa.

"Mawa tilengeza. Ndiimbira abusa kuti mpingo wonse usale kudya, ndipo Lolemba tikanena kupolisi. Mwana wathuyu adzatitsogolera, poti ndiye katswiri." Anandigwira paphewa mwachikondi. "Koma tisanachite chilichonse, tipemphere. Mayi, tipempherereni."

Tinagwirana manja pakati pa nkhuku. Dzanja langa lamanja linali mwa bambo, lamanzere mwa Mayi Khoviwa, loterera ndi mafuta a zitumbuwa. Ngati simunapemphereredwepo ndi Mayi Khoviwa ngati mdani, thokozani. Anapempha kuti wochita zimenezi asaone tulo. Anapempha kuti chakudya chizimuwawa m'kamwa, foni yake igwere m'chimbudzi, netiweki imuthawe kulikonse kumene angapite. A Kamwendo ankavomereza ndi mawu aakulu. Ine thukuta lili kamukamu.

Kenako mawu a Mayi Khoviwa anatsika.

"Koma Ambuye, ngati munthu ameneyu ali ndi mayi, kaya ali moyo kaya anagona, mukhululukireni chifukwa cha mayi akewo. Palibe mayi amene amabereka mwana kuti adzafufute anzake."

Matemberero aja ndinawapirira. Ichi ndiye chinandithyola.

"Ndine," ndinatero.

"Ame..." anayamba a Kamwendo, n'kutsegula diso limodzi.

"Ndine. Palibe haka, palibe wa m'komiti. Ndine ndemwe."

Ndinatsegula laputopu pamwamba pa khola, ndikulira ndi kufwenthera ngati mwana wa sitandade wanu. Ndinawaonetsa kuti palibe amene wachotsedwa. Mbusa woyamba analipo, woliza belu analipo, ndipo mayi analipo, atavala yunifomu, pakamwa pali pululu pakati pa nyimbo. Ndinafotokoza za seva yokomoka ndi za nzeru zanga zosiya zakale.

"Ndiye kuti," anatero a Kamwendo, akulankhula pang'onopang'ono ngati ali m'kalasi, "unalemba mlonda watsopano, n'kumuonetsa nkhope za alendo okhaokha, eni nyumba ayi?"

"Eya."

"Nanga mawu achipongwewa analemba ndani? Azungu a pulogalamu?"

"Ndine ndemwe."

Kenako Mayi Khoviwa anaphulika chiseko, kugwira m'mimba, mpaka misozi inabwereranso. "Mwana wa Eneless weniweni! Kuyambitsira pamwamba, osaona kuti anthu afikako bwanji!"

Bambo sanaseke. Anatembenukira kwa Mayi Khoviwa, chipewa chili pachifuwa. "Mayi, ndinakuganizirani zoipa. Mundikhululukire."

"Musadandaule, a Telala. Ndikanadziwa kabatani kake, mwina ndikanayesa ali moyo."

Ndinakhala pakhonde la a Kamwendo masana onse, ndikugwiritsa ntchito bandulo yawo, kuipatsa pulogalamu ija masamba akale pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, ngati mmene umamwetsera phala munthu wodwala. Seva sinakomoke. Zimenezi ndikanatha kuchita poyamba pomwe, kungoti zinkafuna kudekha, ndipo ine ndinkafuna kuomberedwa m'manja Lamulungu. Uthenga uja ndinausintha, tsopano umangoti sitinapeze, yesaninso. Ku bulaido shawa sindinafike. A Kamwendo anatuma uthenga kumpopi kuti a Eneless apezeka, ndipo ndikumva kuti ena anadabwa kwambiri.

Pobwerera kunyumba ine ndinavula nsapato n'kuzinyamula m'manja. Titafika pa ngalande yaikulu, bambo anatambasula dzanja n'kundilanda chikwama cha laputopu, kuchikoleka paphewa pa suti yawo. Kwa bambo anga, kumeneko ndiye kunena kuti nkhani yatha.

Ndinkaganiza kuti yathadi. M'mawa mwake, ndikusita diresi, ndinamva bambo akundiitana pakhonde. Ndinaganiza kuti mwina seva yakomokanso.

"Kachinthu kakoka kakuthamanga kwambiri," anatero.

"Ndiye ntchito yake, Ababa. Mayi sakutuluka?"

"Akutuluka. Vuto ndi limenelo. Taona." Analemba zilembo zoyamba zokha, ndipo chithunzi cha mayi chinali chitafika kale. "Sindinamalize n'kumuitana komwe. Kale ndikalemba dzina, kagudumu kankazungulira. Ine ndimakonza kolala, kupukuta magalasi, kukhala bwino. Ndiye amatulukira."

"Koma Ababa, anthu onse ankadandaula ndi kuchedwa kuja."

"Anthu onse sanakwatire amayi ako." Anayang'ana chithunzi chija kanthawi. "Munthu uyu sanafikepo msanga chibadwire. Tsiku la ukwati ndinamudikira pakhomo la tchalitchi mpaka abusa anayamba kuyasamula. Lamulungu lililonse ndinkaima pageti apo, iye akumanga duku, kumasula, kumanganso. Ndinkakalipa, eya. Koma uyu wotulukira ndisanamalize dzina, uyu si Eneless."

Ndinalowa m'nyumba chifukwa sindinafune kuti andione nkhope. Diresi lija ndinalipeza litayamba kununkha kupserera.

Sabata imeneyo ndinawonjezera timizere tingapo m'pulogalamu ija. Dzina lina lililonse limatuluka ngati mphezi, achinyamata akusangalala mpaka lero. Koma wina akayamba kulemba dzina la mayi anga, kabokosi kamadikira kuti amalize, kenako kagudumu kamazungulira pang'ono, popanda chifukwa chilichonse chimene kompyuta ingamvetse. Mnzanga wa kuntchito uja ataona anagwira kumutu. Anafunsa kuti ndi munthu wamtundu wanji amene amatenga pulogalamu yothamanga chonchi n'kuimanga miyendo dala. Ndinamuyankha kuti ndi zofuna za kasitomala.

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti ndinaphunzira kudekha. Ayi ndithu, mwezi watha womwewu ndinafufuta zithunzi za sitolo ina chifukwa cha phuma lomweli. Chimene ndinaphunzira n'chaching'ono: m'mawa sindiyatsa wailesi msanga. Ndimakhala chete kuchipinda, zenera lili lotsegula, n'kumamvera mpando wa pakhonde ukukokedwa. Pamapita kanthawi, chala chimodzi chikusaka zilembo. Kenako ndimawamva bambo akung'ung'udza chapansipansi, ndi mawu aja ankalankhulira ataima pageti:

"Eneless, tatulukatu mayi. Tichedwa."